Khutu la Malko

Phunziro la sabata ino, la m'maselo ndi m'mabanja
Musanayambe werengani Luka 22:47-51, Yohane 18:10 ndi Deuteronomo 22:8

 

Sabata ino tikamba za chiwalo chimene timabwera nacho ku tchalitchi Sondo iliyonse koma sitichipempherera kawirikawiri, ndicho khutu. Pa 3 Malichi chaka chilichonse mayiko amakumbukira tsiku la kumva, motsogozedwa ndi bungwe la World Health Organization, lija timangoti WHO. Mwina wina wanena kale mumtima kuti, "Manje nkhani za kuchipatala zalowa bwanji m'phunziro la Baibulo?" Musatseke foni. Nkhaniyi ndi ya m'Baibulo, ndiponso ikhudza mwana wanu amene amaimba madiramu, mlongo wanu wa mu praise team, ndi khanda lija limagona kumbuyo kwa amai ake pafupi ndi sipika.

1. Lupanga la Petro

Tiyambire ku Getsemane. Khamu lafika usiku ndi miuni ndi zibonga kudzagwira Yesu. Petro, poona kuti Ambuye wake ali pangozi, asolola lupanga n'kutema kapolo wa mkulu wa ansembe, khutu la kumanja n'kugwa. Mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino alemba za khutu limeneli. Yohane yekha ndiye atiuza kuti mwini khutu anali Malko ndipo mwini lupanga anali Petro. Luka yekha, amene anali dokotala, ndiye atiuza kuti Yesu anakhudza khutulo n'kulichiritsa.

Taonani zinthu ziwiri. Choyamba, Petro sanali mdani wa Yesu. Anachita zimenezi chifukwa cha chikondi ndi changu, ndipo mumtima mwake anali kutumikira. Chachiwiri, kuchiritsa komaliza kumene Mauthenga Abwino alemba Yesu asanapachikidwe kunali kukonza khutu limene wophunzira wake weniweni anaononga. Adani amuzungulira, mtanda uli pafupi, koma Ambuye anapeza nthawi ya khutu limodzi la kapolo.

Lero palibe amabwera ku tchalitchi ndi lupanga. Koma tili ndi masipika aatali ngati munthu, ampu, mikisa, kiibodi ndi madiramu, m'nyumba ya mabuloko yofolera ndi malata imene imabweza mawu onse. Zimenezi nazonso zimadula makutu. Kusiyana kwake n'kwakuti sizitulutsa magazi, ndipo khutu siligwa pansi kuti tonse tilione. Mpingo ungathe kukhala ndi mtima wa Petro, wokonda Yesu ndithu, n'kumavulaza anthu amene Yesuyo afuna kuti amve mawu ake.

2. Khomo limene Mawu amalowera

Miyambo 20:12 itiphunzitsa kuti khutu ndi diso zonse n'zopangidwa ndi Yehova. Aroma 10:17 itionetsa njira imene chikhulupiriro chimadzera: munthu amayamba wamva. Pa Levitiko 8:23, pamene Mose anapatula Aroni kukhala wansembe, magazi a nsembe anayamba kuwapaka pa khutu la kumanja, kenaka pa chala cha dzanja, kenaka pa chala cha phazi. Khutu linali patsogolo, pakuti wantchito wa Mulungu ayenera kumva asanagwire ndi asanayende.

Tiyeni tione m'mene Mlengi analipangira. Mawu akalowa m'khutu amagwedeza kachikopa kopyapyala kokhala ngati ka ng'oma. Kachikopako kamagwedeza timafupa titatu, tochepetsetsa pa mafupa onse a m'thupi. Timafupato timatumiza kugwedezako m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kodzala ndi madzi. M'katimo muli timaselo tokhala ndi titsitsi tosaoneka ndi maso, pafupifupi 16,000 m'khutu lililonse. Timeneti ndi tomwe timasandutsa kugwedezeka kuja kukhala uthenga wopita ku ubongo.

Phokoso lalikulu, chongo monga tinenera kuno, limapinda titsitsi timeneti. Ganizirani udzu wa pabwalo. Munthu akaupondapo kamodzi, m'mawa mwake wadzuka. Koma pamene anthu adutsa tsiku ndi tsiku pamasanduka njira, udzu sumeranso. Timaselo ta m'khutu la munthu tikafa sitimeranso. Tsitsi la kumutu limamera, chikhadabo chimamera, bala limapola, koma timeneti munabadwa nato tokwanira moyo wanu wonse, ndipo kulibe shopu kumene amagulitsa tina.

3. Khutu lili ndi bundle yake

Kukula kwa phokoso amakuyeza ndi muyeso wotchedwa desibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo ali pa madesibelo 60 kapena pamenepo. Msewu wodzala magalimoto uli cha m'ma 80 mpaka 85. Galainda ya owotcherera zitsulo imafika cha ku 100. Pafupi ndi madiramu omenyedwa mwamphamvu, kapena patsogolo pa sipika yaikulu yotsegulidwa kwambiri, phokoso limapitirira 100.

Kuti mumvetse, ganizirani bundle ya pa foni. Mukamatumiza mauthenga chabe imakhalitsa, koma mukatsegula mavidiyo imatha musanadziwe. Khutu nalonso lili ndi muyeso wake wa pa sabata. Malinga ndi WHO, munthu wamkulu angamvere phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi. Likafika 90, maola aja atsika kufika 4. Likafika 95, ola limodzi ndi mphindi 15. Likafika 100, mphindi 20 chabe pa sabata yonse. Kwa ana muyeso ndi wotsikirapo, madesibelo 75 kwa maola 40. Mukaonjezera madesibelo 3 okha, nthawi yotetezeka imadulidwa pakati.

Werengani nokha. Ngati pa overnight kutamanda kwatenga maola awiri pa madesibelo 100, khutu ladya muyeso wa masabata asanu ndi umodzi usiku umodzi.

Ndipo khutu silisiyanitsa nyimbo ya Mulungu ndi nyimbo ya m'bala. Zonse zimachoka pa bundle imodzimodzi. Taganizirani sabata ya mnyamata wamba wa mukomboni muno. Masana ali pa galainda kapena pa chigayo. Popita ku tauni akwera minibasi, sipika ili pansi pa mpando. Malaiti akapita, jenereta ilira pakhomo pa shopu. Usiku agona ndi ma earphone m'makutu. Pa Chinayi ali ku pulakatisi, pa Chisanu ku overnight, pa Chiweru akaimba pa ukwati, pa Sondo mapemphero awiri. Khutu lake lipuma liti? WHO imati achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka 12 mpaka 35 pa dziko lonse ali pangozi yoononga kumva kwawo chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo ndi malo aphokoso. Ena a iwo amakhala pa benchi limodzi ndi inu.

4. Pamene khutu likuchenjeza

Munatulukapo m'mapemphero kapena pa konsati makutu akulira ngati muli nyenje, kapena mukumva ngati mwatsekamo thonje? Akale amati khutu likalira ndiye kuti wina akukunenani. Ena masiku ano amathamangira kunena kuti ndi mivi ya mdani. Abale, ngati kulirako kwayamba mutachoka pa phokoso, ndi khutu lenilenilo likukuuzani kuti lapwetekedwa. Nthawi zambiri kumatha m'mawa mwake, koma mukabwerezabwereza tsiku lina kudzakhala osachokanso. Alipo oimba amene sadziwanso kuti chete n'chiyani, usiku wonse m'mutu muli mluzu.

Kugontha kobwera ndi phokoso sikuwawa ndipo sikubwera tsiku limodzi. Kumayamba ndi mawu opyapyala. Munthu amamva kuti wina akulankhula koma sagwira bwino mawuwo. "Soka" ndi "tsoka" zimamveka chimodzimodzi, "pala" ndi "phala" chimodzimodzi. Pa msika kapena pa maliro, pamene anthu ambiri akulankhula, amangogwedeza mutu ngati wamva. Kunyumba amakweza wailesi mpaka ana kudandaula. Akazi ake amati, "Atate ake, simundimvera masiku ano," nkhani n'kufika kwa ankhoswe, chikhalirecho vuto lili m'khutu, osati mumtima.

Pa 2 Samueli 19:35 timakumana ndi nkhalamba Barizilai. Mfumu Davide anamuitana kuti akakhale naye ku Yerusalemu, iye n'kukana. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti sankathanso kumva oimba. Barizilai anali ndi zaka 80, ndipo ukalamba uli ndi njira yake. Chomvetsa chisoni n'kukhala ndi a Barizilai a zaka 30, anyamata amene anapereka unyamata wawo ku nyimbo za Mulungu n'kulephera kudzamva mdzukulu wawo akuimba.

5. Mafunso atatu amene amabwera

Funso loyamba: "Kodi Baibulo silitiuza kutamanda mofuula?" Inde litiuza, ndipo palibe akuti tisanduke mpingo wa kumanda. Salimo 150 itchula malipenga, ng'oma ndi zinganga zomveka patali. Pa 2 Mbiri 5:12-13, potsegulira kachisi wa Solomo, ansembe 120 anaomba malipenga pamodzi. Linga la Yeriko linagwa anthu atafuula. Koma onani bwino. Zonsezi zinali mphamvu ya mapapo ndi manja a anthu, ndipo khamu linali pabwalo, pamene mawu amamwazikira kumwamba. Analibe makina otha kukweza liwu la munthu mmodzi kuposa malipenga onse aja m'kanyumba kotsekeka. Komanso Baibulo lomwelo lifuna luso. Pa 1 Mbiri 15:22 Kenaniya anaikidwa kutsogolera oimba chifukwa anali waluso. Paulo pa 1 Akorinto 14:7-9 akuti chitoliro ndi zeze zikapanda kusiyanitsa mawu ake, womvera sadziwa nyimbo imene ikuimbidwa. Sipika ikamang'amba mawu, agogo pa benchi osamva ngakhale liwu limodzi la nyimbo, ndani akumangidwa pamenepo? Chizindikiro chabwino ndi ichi: ngati mpingo sukudzimva wokha ukuimba, makina alanda malo a anthu a Mulungu.

Funso lachiwiri: "Tikatsitsa voliyumu, kudzoza sikutsika?" Pitani pa phiri la Karimeli, 1 Mafumu 18. Amene anafuula kuyambira m'mawa mpaka madzulo anali aneneri a Baala, ndipo Eliya anawaseka kuti akweze mawu, mwina mulungu wawo wagona. Pemphero la Eliya likwana mavesi awiri, moto n'kutsika. M'chaputala chotsatira, pa Horebu, kunadza mphepo, chivomezi ndi moto, koma Eliya anaphimba nkhope yake pamene anamva kaliwu kofatsa. Kugunda kuja mumamva pachifuwa besi ikalira ndi mpweya ukugwedeza thupi, ndipo amakumvanso amene ali m'bala. Tisasokoneze zimenezo ndi Mzimu Woyera. Pa Pentekoste panalibe ampu, koma anthu 3,000 anatembenuka chifukwa aliyense anamva uthenga momveka m'chinenero chake.

Funso lachitatu: "Kutseka makutu si kusakhulupirira? Mulungu adzandichiritsa." Ife timakhulupirira machiritso ndi mtima wonse. Yesu amene anatsegula makutu a munthu wogontha pa Marko 7:31-37 sanasinthe. Koma werengani Mateyu 4:5-7. Satana anaimika Yesu pamwamba pa kachisi, malo opatulika, n'kumuuza kuti adziponye pansi popeza angelo alipo. Yesu anakana, nati kumeneko n'kuyesa Mulungu. Kudziika dala pangozi m'nyumba ya Mulungu n'kumayembekeza chozizwitsa ndi yesero lomwelo. Mukumbukira kolera imene inayambira kuno ku Chipata mu Okutobala 2017, ndi ija ya 2024 pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala. Tinapemphera, komanso tinathira klorini m'madzi ndi kusamba m'manja. Palibe anati mbale wothira klorini alibe chikhulupiriro. Timagona m'neti, timavala chipewa cholimba pa ntchito ya zomanga. Kachinthu kotseka m'khutu kali m'gulu lomwelo.

6. Oimba a kunja anaphunzira mowawa

Pa Luka 16:8 Yesu anaonetsa kuti nthawi zina anthu a dziko amachenjera pa zinthu zawo kuposa ana a kuunika. Pa nkhani iyi n'zoona. Mu 1988, ku San Francisco m'dziko la America, mayi wina woimba gitala ya besi, Kathy Peck, ataonongeka makutu ndi phokoso la pa siteji, anayambitsa bungwe lotchedwa H.E.A.R. lophunzitsa oimba ndi okonda nyimbo kuteteza makutu. Pete Townshend wa gulu la The Who, amene nayenso anavulala makutu, analithandiza ndi ndalama. Mu 2016 Brian Johnson wa gulu la AC/DC anasiya ulendo wa makonsati pakati madokotala atamuchenjeza kuti akapitiriza adzagontheratu. Mu 2018 khoti lalikulu ku London linagamula mokomera woimba wina wa mu okestra amene anavulala khutu chifukwa chokhazikidwa patsogolo penipeni pa oomba malipenga, ndipo pamenepo panalibe ngakhale sipika. Anthu amenewa anali ndi ndalama ndi madokotala abwino, koma ndalama sizinabweze timaselo tija.

Mu Malichi 2022 WHO inatulutsa malangizo a malo oimbira nyimbo. Akuti phokoso lisapitirire madesibelo 100 poliyeza pa mphindi 15, pakhale munthu woliyeza nthawi yonse, masipika aikidwe mwanzeru, zotetezera makutu zipezeke kwa ofuna, pakhale malo a chete opumirako, ndipo ogwira ntchito aphunzitsidwe. Amenewo ndi malire a ku makalabu ndi makonsati a anthu akuluakulu. Nyumba imene muli makanda ndi nkhalamba iyenera kukhala pansi kwambiri pa malire amenewo.

7. Kampanda ka padenga

Nyumba za Aisrayeli zinali ndi denga lafulati, ndipo anthu ankakwerapo kukacheza ndi kugona. Pa Deuteronomo 22:8 Mulungu analamula kuti womanga nyumba amange kampanda m'mbali mwa denga, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Lamulolo silinapite kwa mlendo kuti aziyenda mosamala. Linapita kwa mwini nyumba. Amene aitana anthu ndiye ali ndi udindo wa chitetezo chawo. Mpingo ukaitana anthu ku mapemphero, makutu awo ali m'manja mwathu. Munthu wamkulu angathe kusuntha mpando, koma khanda silinganene kuti, "Amama, tiyeni tichoke apa."

Udindowu ufikanso kuseri kwa khoma. Kuno nyumba n'zogundana, mumadziwa nokha. Kuseri kwa tchalitchi kuli nesi amene wachoka ku ntchito ya usiku, mwana wa Giredi 12 amene akuwerenga, ndi wodwala amene tulo tangomupeza kumene. Miyambo 27:14 ikuti dalitso lofuulidwa kwa mnansi m'mamawa amaliwerenga ngati temberero. Dziko lathu lili ndi lamulo la zachilengedwe la 2011, limene linakhazikitsa ZEMA, ndipo phokoso lili m'gulu la zinthu zimene lamulolo limayang'anira. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, boma linatseka matchalitchi pafupifupi 700 mu 2018, ndipo phokoso linali chimodzi mwa zifukwa zake. Ana a Mulungu asadikire kalata ya khonsolo kuti achite chimene chikondi chinawauza kale. Mnansi amene mwamusowetsa tulo pa Chisanu, mudzamuitana bwanji ku tchalitchi pa Sondo?

8. Tichite chiyani?

Inu a ku mikisa, ntchito yanu ndi utumiki, ndinu alonda a pakhomo la makutu. Ikani pa foni pulogalamu yaulere yoyeza phokoso. Siilondola ngati makina a akatswiri, koma idzakutsegulani maso. Yezani pa benchi lapatsogolo ndi pamene pamakhala ana, osati pa mpando wanu pokha. Muyeso wosafuna foni ndi uwu: ngati muyenera kufuula kuti munthu amene ali pa mtunda wa mkono umodzi akumveni, phokoso lafika poononga. Kwezani masipika pamwamba pa mitu ya anthu, asalunjike m'khutu la munthu. Musalole maiki kulira mluzu. Makatani olemera pa makoma ndi kapeti pansi pa madiramu zimachepetsa kubwerera kwa mawu, ndipo mudzapeza kuti mawu akumveka bwino osakweza. Kumbukiraninso kuti khutu likatopa limapempha zambiri. N'chifukwa chake voliyumu ya 03:00 pa overnight imaposa ya 22:00. Ikani chizindikiro pa mikisa mukadali ndi makutu atsopano, ndipo musachidutse.

Inu oimba ndi a madiramu, pezani ma earplug. A siponji ndi otchipa, amapezeka m'mashopu a zovala zotetezera pa ntchito ndi m'mafamase ena. Kavalidwe kake: finyani kasiponji ndi zala zoyera mpaka kaonde, dutsitsani dzanja lina pamwamba pa mutu mukokere khutu m'mwamba, lowetsani, gwirani kwa theka la mphindi kuti kafufume. Aliponso opangira oimba, amene amatsitsa phokoso koma nyimbo n'kumamveka bwino. Thonje kapena tishu siziteteza mokwanira. Pa pulakatisi simufunika voliyumu ya kuluseti. Wa kiibodi akakweza, wa gitala akwezanso, wa maiki n'kukwezanso, mapeto ake palibe akumva mnzake. Yambani ndi kutsitsa, osati kukweza. Ndipo mukachoka pa phokoso lalikulu, patsani makutu tsiku lopuma. Nawonso afuna sabata lawo.

Ife ogwira maiki, alaliki ndi otsogolera mapemphero, tikumbukire kuti maiki anapangidwa kuti munthu asafuule. Mzimu akakukwezani mawu, talikitsani maiki pakamwa.

Inu makolo ndi ma usher, mabenchi oyandikana ndi masipika asakhale a ana, a amai a makanda kapena a okalamba. Mwana akatseka makutu ndi manja, kapena khanda likamalira nthawi ya kutamanda yokha, musathamangire kudzudzula mzimu. Yambani mwamuchotsa pa phokoso. Amene watuluka panja kukapumitsa makutu asayang'anidwe ngati wabwerera m'mbuyo. Ngakhale Yesu, pochiritsa wogontha uja, anayamba wamutengera pambali, kutali ndi khamu.

Inu achinyamata okonda nyimbo, kaya ndi gospel, kalindula kapena zina, voliyumu ya foni isapitirire 60 pa 100. Ngati amene mwakhala naye mu basi akumva nyimbo ya m'ma earphone anu, mwakweza kwambiri. Musagone nawo m'makutu. Pa konsati, pa ukwati kapena pa kuluseti musaime pakamwa pa sipika. Panja, mukatalikira kawiri pa mtunda umene munali, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, ndipo nthawi yanu yotetezeka imachuluka kanayi.

9. Ngati vuto layamba kale

Ngati makutu akulira osaleka, kapena mumapempha anthu kubwereza mawu kawirikawiri, bwerani tipemphere nanu, ndipo pitaninso mukapimitse. Yambirani pa chipatala chathu cha Chipata Level One. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ku UTH. Chipatala cha Beit CURE pa Great North Road nachonso chimaona za makutu ndi kupima kumva. Khutu limodzi likatsekeka mwadzidzidzi, musadikire Sondo, pitani tsiku lomwelo, pakuti pa vuto limenelo masiku oyamba ndiwo ofunika. Musathire m'khutu mafuta odzozera, madzi opemphereredwa kapena mankhwala a zitsamba, ndipo musatokosemo ndi kamtengo ka machesi. Ngati kachikopa kaja kabooka, mungaonjezere matenda. Yakobo 5:14 ikamba za kudzoza wodwala, ndipo pamphumi pakwanira.

Kwa inu amene kumva kunachepa kale, simuli otembereredwa ndipo simuli ochepa mu mpingo uno. Levitiko 19:14 ionetsa kuti Mulungu amaimira munthu wosamva. Kachipangizo kothandiza kumva kali ngati magalasi a maso, palibe chochititsa manyazi. Enafe tiphunzire kuyang'ana munthuyo kumaso polankhula naye, kulankhula momveka osamukalipira, ndi kusamuseka akayankha zina.

Mafunso okambirana m'selo

Kodi Petro anafuna kuchita chabwino chotani, nanga n'chiyani chinasoweka pa changu chake? Ndi ziti zimene timachita ndi mtima wabwino koma zimapweteka ena?

Tchulani malo onse aphokoso amene mumapezekako kuyambira pa Mande mpaka pa Sondo. Ndi pati pamene mungachepetse sabata ino?

M'banja mwanu kapena m'selo mwanu, ndani amene makutu ake ali m'manja mwanu? Kampanda kake mumanga bwanji?

Mbale wa madiramu akavala ma earplug Sondo ikubwerayi, wina n'kumunena kuti alibe chikhulupiriro, mudzamuyankha ndi lemba liti?

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaumba khutu, tikuyamikani chifukwa cha mphatso ya kumva, ya nyimbo, ndi ya mawu a okondedwa athu. Tipatseni changu chokhala ndi nzeru. Dalitsani oimba athu, a madiramu, a kiibodi ndi a ku mikisa, kuti akutumikireni mpaka ukalamba makutu awo ali amoyo. Tetezani ana athu. Ambuye Yesu, dzanja limene linakhudza Malko likhudze aliyense amene makutu ake akulira kapena atsekeka, ndipo mutsogolere madokotala amene adzawaona. Kutamanda kwathu kukhale kokoma kwa Inu ndi dalitso kwa anansi athu. Mzimu Woyera, tiphunzitseni kukumvani ngakhale pamene mulankhula motsitsa. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Tumizani phunziroli kwa woimba mmodzi amene mumamudziwa, ngakhale wa mpingo wina. Ambuye akusungeni, tionana pa Sondo.